Masabata Atatu a Gwape Woyera

Amayi,

Kodi mukudzuka bwanji kumeneko? Miyendo ija inaphwa? Ndikhulupirira inaphwa, chifukwa pa maliro anu abusa ananena kuti kumeneko kulibe zowawa, ndipo mawu amenewo ndinawamva bwinobwino ngakhale foni inkadukaduka. Ndine Eneless, mwana wanu woyamba. Dzinali ndalitchula dala. Mukukumbuka kuti munkandiitana kuti Tadala, kenako n'kuseka n'kunena kuti lilime laterereka? Koma lilime lomwelo silinaterereke ngakhale tsiku limodzi n'kumuitana Tadala kuti Eneless. Sindikukuimbani mlandu ayi, ndangokumbuka.

Ndidakali ku Dubai, m'nyumba yomwe ija ya ku Mirdif, ndipo chaka chino n'chachisanu ndi chinayi. Ano ndi masana, kunjaku dzuwa likuswa mtengo. Ana ali kusukulu, madamu apita kukaona amayi awo, ndiye ndakhala pansi m'chipinda chochapira ndi kope lakale la mwana wa eni nyumba lomwe linatsala mapepala kumapeto.

Ndiyambe ndi za kumudzi, poti ndikudziwa kuti n'zimene mungafunse poyamba. Mlongo wathu Lameki ndi mkazi wake ali ndi mwana wamkazi, anabadwa mu Julaye. Pachithunzi ali ndi mphumi yanu yeniyeni, yotakata ija. Anamutcha Nelia, dzina lanu. Amene anatcha dzinali ndi Tadala. Lameki anaimba foni kuti azakhali a mwana apereke dzina, ndipo foni imene anaimbayo inali ya Tadala, ine ndili pomwepo ndikupinda zovala. Nanenso ndikanatchula dzina lomwelo, amayi, koma bwenzi litatuluka pakamwa pa wamkulu.

Chimanga chaka chino sichinachite bwino, mvula inadula chili pomasula. Nandolo ndiye wabereka mpaka nthambi kugunda pansi. Lameki amachoka kuchikamwini kwake ku Namitambo kudzalima munda wanu wa kudambo, ndipo mlamu sadandaula. Nkhokwe yanu inadyedwa ndi chiswe, anaigwetsa. Chiliza tinamanga chaka chatha, chang'aluka pang'ono pakona ya kumutu, akuti akonza mvula isanayambe. Mbuzi zatsala zinayi. Ija yothyoka nyanga sinasiye kuba, mwezi wathawu inalowa m'dimba la eni ake n'kumaliza mpiru, ndipo Lameki anakapepesa atavula chipewa.

Tsopano ndifike pa chimene ndagwirira cholembera. Ndi nkhani ya Tadala ndi ine, ndipo ndikukuuziranitu kuti simundiyamikira.

Mutangotisiya, ndinaona kuti mwanayu atsala yekha m'nyumba muja. Madamu ankafuna wantchito wachiwiri, ine n'kuwagwira mwendo kuti atenge mng'ono wanga. Ndinamulandira ndekha kubwalo la ndege, ndinalira mpaka wapolisi kundiyang'ana. Zaka zonsezo ndinalibe woyankhula naye Chichewa m'nyumba muno, kupatula Lamlungu limodzi pamwezi tikakumana ndi anzathu ku Al Rigga. Ndiye kubwera kwa Tadala kunali ngati andimasula chingwe pakhosi. Tinkachezera m'khitchini, tikumajeda madamu iwo ali pomwepo, akuyesa tikupemphera.

Koma munkanena inu kuti walira mvula walira matope. Miyezi itatu isanathe, nyumba yonse inali ya Tadala. Ana amene ndinawalera kuyambira ali m'matewera akabwera kusukulu ankandidutsa pakhomo n'kuthamangira kwa iye. Madamu anayamba kumuitana kuti habibti, ndiye kuti wokondedwa wanga. Ine zaka zisanu ndi zinayi mawu amene ndimawadziwa ndi yalla, kutanthauza fulumira. Tadala akaotcha malaya ndi simbi, madamu ankaseka. Akaseka iye, ndi mpata wa mano anu uja, aliyense ankaseka naye. Anabweranso ndi chitenje chanu chobiriwira cha kutchalitchi, chimene ankafunda pogona. Ine chanu ndilibe ngakhale mpango. Munatsirizika mutu wanu uli pamiyendo pake, ine ndikukolopa pansi pa eni ake, ndipo zimenezi ngakhale si mlandu wake, ndinkamuwerengera ngati mlandu.

Kumayambiriro kwa chaka chino bwana anapatsidwa mphatso ndi mnzawo, agwape atatu ochokera kunja. Si agwape athu aang'onoang'ono a m'phiri aja ayi, awa ndi aataliko, miyendo ngati bango. Awiri anali amawangamawanga, kamphongo kakang'ono ndi mayi wake. Wachitatu anali wamkazi, woyera mbuu, mphuno ndi makutu zofiirira ngati za mwana wa nkhumba. Anawamangira khola kuseri kwa nyumba, la denga la neti, n'kuikamo fani yopemerera madzi. Amayi, kuno gwape ali ndi fani.

Tsiku limene anafika madamu anatiitana tonse n'kufunsa kuti ndani amadziwa ziweto. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe. Nanga amene ankadyetsa mbuzi zanu kuyambira ali sitandade wani ndani? Amene ankaphonya sukulu mbuzi ikamabereka ndani? Koma ndisanatulutse mawu, Tadala anali atalowa kale m'khola, woyera uja akumunyambita m'manja. Madamu anaomba m'manja, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndinamva mawu anu m'khutu, aja munkauza alendo akuti Tadala ali ndi dzanja la ziweto. Za ine munkati Eneless ndi wolimba. Mukudziwa, amayi, munthu akamatchedwa wolimba amangosenzetsedwa katundu. Kuyambira tsiku limenelo zimbudzi zonse zisanu ndi kusita zinakhala zanga, Tadala m'mawa uliwonse ali kwa agwape ake akuwaimbira nyimbo za kwaya.

Chakudya chawo chinali udzu wouma wa m'mabelo ndi timibulu ta m'thumba tonga chakudya cha nkhuku. Madamu analamula kuti asapatsidwe china chilichonse. Koma mwana wa kwathu angamve zimenezo? Tsiku lina Tadala anandiuza kuti, «Achemwali, nyama ingakhale bwanji chaka chonse osalawa tsamba laliwisi? Ngakhale mkaidi amadya ndiwo zamasamba.» Anayamba kuchita zija tinkachita nthawi ya dzinja, mbuzi zikamangiriridwa pazikhomo kuti zisadye mmera, ife n'kumazithyolera masamba. M'mamawa, kumzikiti akangomaliza kuitana, ankatenga ndowa n'kuzungulira mpanda. Poyamba ankatola kapinga amene wosamalira maluwa wadula, ndipo agwape ananenepa, ubweya n'kumawala. Kutentha kutafika pachimake kapinga anapsa, iye n'kuyamba kufuna zina.

Linali Lachiwiri. Ndinali pawindo la khitchini ndikutsuka makapu a tiyi pamene ndinamuona akuchokera kugeti, ndowa itadzaza, pamwamba atavundikira kansalu kuti madamu asaone. Kansaluko kanasendera, ndipo ndinaona timaluwa. Tachikasu tosakanikirana ndi tofiira, tothithikana pamodzi. Amayi, chitsamba chija. Chonunkha chija, cha timinga ting'onoting'ono, chobala timbewu takuda timene tinkadya pobwera kusukulu. Kwathu chimamera chokha m'mbali mwa njira ndipo timachitukwana, kuno anachibzala dala pageti ndipo amachithirira ndi paipi.

Inu mukudziwa kuti ndikuchidziwa. Chaka chimene mvula inachedwa chija, ine ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, Tadala akadali kumsana kwanu, ndinathyolera mbuzi chitsamba chimenecho poti n'chokhacho chinali chobiriwira. Patapita masiku, mbuzi yoyera inayamba kuthawa dzuwa, kumabisa mutu pansi pa nkhokwe. Makutu anatupa n'kuyamba kusupuka ngati chinangwa chophika. Simunandimenye. Munandigwira pakhosi n'kundiweramitsa, munatsegula diso la mbuzi ndi chala kuti ndione chikasu chili m'katimo. Mbuzi ina imene inadya nawo itafa, atate akusenda, munandiitana n'kundionetsa chiwindi chotupa, chachikasu, ndulu yake ngati chibakera. Munati, «Ona bwino. Dzuwa silinalakwe, limatuluka tsiku lililonse. Chawonongeka n'chiwindi, ndipo wachiwononga ndiwe.» Yoyerayo munaitsekera m'khitchini mwamdima pafupifupi mwezi, mukuimwetsa makala osinja osungunula m'madzi, mpaka inachira. Ine munandipatsa khasu kuti ndizule chitsambacho paliponse kuzungulira pakhomo, ndipo chaka chilichonse chikaphuka ndinkazulanso. N'chifukwa chake Tadala anakula osachidziwa. Ndinamuzulira ndine.

Ndiye Lachiwiri limenelo, kapu ili m'manja, ndikanangotsegula windo n'kunena mawu atatu okha. Sindinatsegule. Ndinatsuka kapuyo kachiwiri.

Ndinadziuza zambiri. Ndinati gwape si mbuzi, mwina chiwindi chake n'china. Ndinati iye ndi amene ali ndi dzanja la ziweto, ine wa zimbudzi ndingamuphunzitse chiyani. Ndinafika pobwereka mwambi wanu uja wakuti safunsa anadya phula, ngati kuti mwana angafunse za chinthu chimene sakudziwa kuti chilipo. Koma zoona zake, amayi, ndi nsanje. Sindinkafuna kuti chinthu chife. Ndinkangofuna kuti tsiku limodzi lokha madamu amukalipire mng'ono wanga ine ndikumva, kuti naye adziwe kulemera kwa mawu akuti yalla.

Sabata isanathe woyera uja anayamba. Ankaima pakona atalowetsa mutu kuseri kwa chomwera madzi, akupukusa makutu ngati muli ntchentche. Kenako zikope zinatupa, mphuno inachita nkhanambo, khungu la makutu n'kuyamba kusweka. Madamu anaitana dokotala wa ziweto, bambo wina wamtali wa ku Sudan, waulemu kwambiri. Anatenga magazi, mawa lake anabwera ndi yankho. Anati vuto ndi chiwindi. Anafotokoza kuti nyama ikadya zobiriwira pamatsala zina zimene chiwindi chimayenera kutaya, ndiye chiwindi chikafooka zinthuzo zimayenda ndi magazi mpaka pakhungu, dzuwa likazipeza pamenepo limaotcha, makamaka pamene pali poyera. Ndinaima pakhomo ndi thireyi ya madzi ndikumva munthu wa masukulu akunena m'Chingerezi zimene inu munandiuza ndi chala chimodzi. Anabwera kanayi sabata imeneyo. Inu matenda anu onse aja dokotala weniweni munamuona kamodzi.

Anafunsa kuti agwapewa amadya chiyani. Madamu anayankha okha kuti udzu wouma ndi timibulu basi. Tadala anayang'ana pansi. Ankaopa kuti aulula kuti waphwanya lamulo, komanso m'mutu mwake munalibe ganizo loti tsamba laliwisi lingapweteke nyama. Dokotala anakayikira nkhungu m'mabelo. Anataya udzu wonse, anagula wina, anatsuka zomwera, anabaya majakisoni. Chitsamba chili kugeti, kutsogolo kwa nyumba, khola lili kuseri, ndani akanaziphatikiza?

Agwape atayamba kukana udzu, Tadala anawonjezera masamba. Tsiku lina anabwera m'khitchini maso ali ofiira n'kunena kuti, «Mukuona achemwali, zinazi akukana zonse. Masamba anga okhawa ndi amene akumalawako. Ndikanapanda kuwathyolera bwenzi atafa kale.»

Ine ndinati, «Eya.»

Pa zonse zimene ndachita, amayi, mawu amenewa ndi amene amandidzutsa.

Sabata yachitatu kamphongo kaja kanafa. Sikanatupe kwambiri poti kanali ka mawanga, kanangofooka, maso chikasu, m'mawa kanapezeka kataumirira pafupi ndi mayi wake. Bwana anakwiya, poti inali mphatso ya mnzawo ndipo mnzawoyo amafunsa. Madamu anaitana Tadala pabalaza. Sanamutche habibti. Anati iye ndi amene amakhala ndi nyamazi, ndiye pali chimene sakuchita bwino, ndipo akafa winanso, khalas, ndiye kuti zatha, akwera ndege kubwerera kwawo. Ndinali kuseri kwa chitseko. Chimene ndinkachifuna chija ndinachipeza, ndipo sindikunamizani, chinatsekemera. Chinatsekemera nthawi yochepa ngati imene shuga amatha pa lilime, kenako ndinayamba kuganiza za mwanayu akutsika basi pa Chiradzulu ndi chikwama chimodzi, akukatsegula nyumba yopanda inu. Komabe sindinanene. Tsopano chinandigwira pakamwa ndi mantha, chifukwa kunena kukanabweretsa funso lakuti bwanji sunanene kale.

Lamlungu limenelo linali la ofu yathu. Tadala anakana kupita, anati sangasiye wodwala. Ndinapita ndekha kutchalitchi, kenako ku Al Rigga kumene timakadya ndi anzathu. Mayi wina wa ku Zambia amene timapemphera naye anandifunsa kuti, «Nanga mufana wako ali kuti lelo? Uja mwana ali na mutima, iwe. Uzimusunga bwino.» Ndinati ali bwino, wangotopa. Mpunga wanga ndinaukulunga n'kubwera nawo.

Lachinayi lotsatira ndi limene zinthu zinasweka. Dokotala anali atanena kuti woyerayo asaonane ndi dzuwa, koma denga la neti limadontha dzuwa ngati sefa, ndipo chakumapeto kwa khola kuli malo opanda denga n'komwe. Cha m'ma leveni gwape anadzikoka mpaka pamalo amenewo n'kugwa, osathanso kudzuka. Tadala anayesa kumunyamula, analephera. Amuna onse anali atachoka. Ine ndinali m'chipinda chosita m'mwamba, eyakoni ikundipemerera m'khosi, ndipo pawindo ndinamuona akuthamangira kuchipinda chathu n'kubwera ndi chitenje chanu chija. Anaima pamwamba pa gwapeyo, miyendo uku ndi uku, natambasula chitenje ndi manja awiri kuti chichite mthunzi. Mutu wake unali padzuwa.

Amayi, dzuwa la kuno simukulidziwa. Masana a mwezi umenewu ngakhale amuna omanga nyumba amawaletsa kugwira ntchito panja. Ndinasita malaya a bwana, ndinayang'ana, ali chiimire. Ndinasita ena, manja ake ayamba kunjenjemera, akutsitsa n'kukwezanso. Sanandiitane. Ndikuganiza kuti ankadziwa kuti ndili ndi ntchito yambiri ndipo sanafune kundivutitsa, ndi mmene alili mwana wanuyu, ndipo ngakhale zimenezo zinkandipsetsa mtima. Nditayang'ana kachitatu, chitenje chinali pansi, iye atagwa chammbali pamchenga.

Sindikudziwa kuti masitepe ndinatsika bwanji. Ndinamupeza milomo itauma gwa, thupi likutentha ngati mbaula, thukuta osatuluka. Ndinamuthira madzi a m'chomwera cha agwape, ndinamubereka kumsana monga ndinkachitira inu mukapita kumunda. Ali kumsanako anatsegula pakamwa n'kunena kuti, «Achemwali, mufunditseni gwape.» Ndinakuwa mpaka madamu anatuluka opanda nsapato. Anamutengera okha Tadala kuchipatala pagalimoto, anakamuika diripi.

Iwo atapita ndinatenga bulangete, ndinamugudubuzira gwape pamenepo n'kumukoka mpaka m'galaja, n'kutseka chitseko kuti mukhale mdima. Kenako ndinatenga ndowa ija, ndinapita kugeti, ndinathyola chitsambacho ndi manja mpaka minga kundilemba mikono. Dokotala atafika chakumadzulo ndinaika ndowayo pamapazi ake. Anatola nthambi imodzi, ananunkhiza, anagwira mutu. Anati dzina lake ndi lantana, ndipo akanadziwa tsiku loyamba kamphongo kaja sikakanafa. Mukudziwa mankhwala amene anatulutsa m'galimoto mwake? Makala, amayi. Osinja bwino, a m'botolo lolembedwa, koma makala. Anamumwetsa ndi kapaipi ine nditagwira mutu.

Madamu anabwera ndi Tadala dzuwa litapendeka, ali wofooka, pamkono pali pulasitala. Ataona ndowa anafunsa kuti ankathyola zimenezi ndani. Tadala sanadikire kuti wina amunenere. Anati ndine, ndinkawamvera chisoni. Madamu anayamba kukalipa, koma anamuyang'ana mmene analili, milomo yosweka, n'kusiyira pakati. Anati munthu amene angaime padzuwa chifukwa cha nyama yawo sangamuthamangitse. Anamugwira tsaya. Mawu aja a habibti anabwerera pomwepo, ndipo mawa lake chitsamba chonse chinazulidwa.

Zikanathera pamenepo bwenzi kalatayi ili yokoma. Koma madamu anatembenukira kwa ine n'kunena kuti shukran, zikomo, n'kufunsa kuti ndinadziwa bwanji. Amayi, zaka zisanu ndi zinayi palibe anandifunsapo kuti ndikudziwa chiyani. Dokotala akundiyang'ana, madamu akundiyang'ana, ana atatsamira pachitseko akundiyang'ana. Munkati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Ndinafotokoza za mbuzi yoyera, za khitchini yamdima, za makala, dokotala akugwedeza mutu kuti amayi anu anali dokotala. Ndinakomedwa nazo. Ndipo pofuna kuti aone kuti ndine katswiri, ndinawonjezera kuti chitsamba chimenechi ine ndimachizindikira ndikangochiona kamodzi, ngakhale patali, ngakhale pawindo.

Madamu sanamve kanthu pamenepo. Tadala anamva.

Usiku tinalowa kuchipinda chathu. Anakhala pabedi pake, chitenje chanu chili pamiyendo, chodzaza mchenga ndi ubweya woyera. Anafunsa mofatsa, ngati akufunsa mtengo wa tomato.

«Achemwali, pawindo lake liti?»

Ndinati la kukhitchini.

«Munaona liti?»

Bodza linali pafupi, amayi, ndikanangoti dzulo. Koma anandiyang'ana ndi maso anu aja, ndipo ndinati, «Tsiku loyamba.»

Anawerenga ndi zala, osati mondinyoza, ankangofuna kudziwa. Masabata atatu ndi masiku awiri. Kenako anati, «Ndiye tsiku lija ndinkati masamba anga okha ndi amene akudya, inu n'kuti eya, munkadziwa?» Ndinati ndinkadziwa. «Kamphongo kaja kakufa, munkadziwa? Madamu akunena za ndege?» Ndinati ndinkadziwa. Anafunsa kuti ndinakulakwirani chiyani, koma ndikanayamba kutchula bwenzi ndikutchula mano ake, kuseka kwake, ndi miyendo yake imene munagonapo. Sanalire. Anakutumula chitenje, anachipinda, anachiika m'chikwama n'kutseka zipi.

Lero patha masiku khumi ndi limodzi. Gwape woyera ali moyo. Nsonga za makutu zinauma n'kugwa, moti akuoneka ngati mbuzi yodulidwa chizindikiro, koma chikasu chikuchoka m'maso ndipo wayamba kudya. Amakhala m'galaja, amatuluka dzuwa likalowa. Dokotala akuti inshallah, Mulungu akalola, chiwindi chibwerera. Mayi wa kamphongo uja sanadwale kwambiri. Tadala ntchito yake ili bwinobwino, sakupita kulikonse, ndipo kwa madamu sananene kanthu za ine. Lameki akaimba foni amacheza naye mosangalala, n'kundipatsira foni ngati palibe chinachitika.

Koma kuyambira tsiku limenelo sanandiyankhulenso Chichewa. Sanandinyanyale ayi, amayankhula. Amandiuza kuti madamu akukuitana, makina ochapira amaliza, mwana akufuna madzi, zonse m'Chingerezi cha ntchito, chomwe amayankhula ndi dalaivala. Amati pulizi, amati thenkyu. Ndikamufunsa kuti wadzuka bwanji, amayankha m'Chingerezi kuti ali bwino. Mawu akuti achemwali sindinawamvenso. Akalowa m'galaja ndimamumva kuseri kwa chitseko akuyankhula ndi gwape uja Chichewa chokoma, akumuti iwe mwana wamasiye, idya, usandichititse manyazi. Ndimaima panja ndi ndowa ya mopu ndikumvetsera. Ndafika pochitira nsanje nyama yopanda makutu.

N'chifukwa chake ndakulemberani. Si kuti mundikhululukire, poti wolakwiridwa si inu, ndipo ndikudziwa kuti mukanakhalapo mukanangondiweramitsa kuti ndione ndekha chimene ndawononga. Ndalemba chifukwa m'nyumba muno Chichewa changa chilibenso kopita. Munkati chibale n'fupa, sichiola. Ndikufuna kukhulupirira, koma fupa limathyoka, ndipo ili ndathyola ndekha ndi manja anga, pang'onopang'ono, masabata atatu.

Nsanje sinandithere, ndisakunamizeni. Ngakhale pano ndikulemba ndikuganiza kuti Tadala akati akulembereni, kalata yake ikhala yaifupi ndi yoyera, alibe choti aulule. Ndipo mukati mubwere kutulo, ndikudziwa bedi limene muyambire. Pitani kwa iye, akukufunani kuposa ine. Musamuuze kuti andikhululukire, muzisiye zimenezo.

Changa ndi ichi, ndipo ndikulonjeza kwa inu. M'mawa uliwonse ndizimupatsa moni m'chiyankhulo chathu, ayankhe m'Chingerezi kapena asayankhe. Sindipempha madamu kuti andisinthe chipinda, sindisamukira nyumba ina kuthawa maso ake. Ndikaona chilichonse chomupweteka, ngakhale chaching'ono bwanji, nditsegula windo nthawi yomweyo. Zikatenga chaka, chitenge. Ndikufuna ndidzamvenso mwana wanu akundikalipira m'Chichewa.

Muwapatse moni atate. Ndimakukondani, amayi, ngakhale ndinkawerenga mmene munkagawira chikondi chanu.

Ndine mwana wanu wamkulu,
Eneless